Ndituluke m'penshoni ya NHS kuti ndimalize nyumba za ku Lilongwe?

Funso: Ndine mayi wa zaka 41, dokotala wa matenda a ana, ndipo ndakhala ndikugwira ntchito m'zipatala za boma, zimene zimayendetsedwa ndi bungwe la NHS, kumpoto kwa England kuyambira mu 2016. Chaka chatha ndinakwezedwa kukhala consultant, kapena kuti dokotala wamkulu. Malipiro anga ndi pafupifupi £110,000 pachaka, ndipo ndikaphatikiza mashifiti apadera zimakwana £118,000. Anzanga amene tinaphunzira nawo ku College of Medicine ku Blantyre amayesa ndine wolemera, koma mwezi ukamatha ndimakhala ndilibe kanthu. Tili ndi ngongole ya nyumba kuno, galimoto ndimalipira £600 pamwezi, ndipo pa khadi ya ngongole pali £9,000. Ndine woyamba kubadwa, choncho ndimatumiza kumudzi ndalama zimene mwezi wina zimafika £1,200. Ndikumanganso nyumba ziwiri za lenti ku Lilongwe, ndipo imodzi yatsala kufolera. Penshoni ya NHS imandidula ndalama zoposa £1,100 pamwezi. Kodi ndituluke kwa zaka zingapo kuti ndalamazo ndimalizire nyumbazi? Tili ndi ana awiri, wa zaka 7 ndi wa zaka 2.

Yankho: Adokotala, zikomo polemba mosabisa kanthu, chifukwa anthu a udindo wonga wanu nthawi zambiri amachita manyazi kuvomera kuti ndalama sizikuwakwanira. Dziwani kuti zimene mwafotokozazi ndimazimva kawirikawiri kwa madokotala athu amene ali kuno, ndipo sizisonyeza kuti ndinu wosakaza. Dokotala amayamba kulandira ndalama zooneka mochedwa kusiyana ndi anzake a ntchito zina. Pamene ena anali atayamba kale kusunga, inu munali pa sukulu, kenako pa malipiro ochepa a m'chipatala cha kwathu, kenakonso mukulipira mayeso, ma visa a banja lonse ndi lenti m'dziko lachilendo. Malipiro aakuluwa angokupezani chaka chatha, ndipo akupezani zofuna za zaka zambiri zili kale pamzere. Vuto lanu ndi lotheka kulikonza m'zaka ziwiri kapena zitatu, koma njira imene mukuiganizayi sindingakulimbikitseni ngakhale pang'ono.

Tiyambe ndi ndalama zimene zimafikadi m'manja mwanu, chifukwa abale kumudzi amamva za £118,000 pamene inu mumagwiritsa ntchito ndalama zochepa kwambiri kuposa pamenepo. Malinga ndi malamulo a msonkho a chaka cha 2025/26 ku England, mapaundi 12,570 oyamba salipiridwa msonkho, kuchokera pamenepo mpaka £50,270 boma limatenga maperesenti 20, ndipo kupitirira apo limatenga maperesenti 40. Mukachotsa msonkho, National Insurance (ndalama ina imene boma limadula pa malipiro) ndi penshoni, mumatsala ndi pafupifupi £70,000 pachaka, kapena kuti £5,800 pamwezi. Pa ndalama zimenezi mpamene pakuchokera ngongole ya nyumba, galimoto, kosiya mwana wamng'onoyo masana, thandizo la kumudzi ndi simenti ya ku Lilongwe. Mukaziika pamodzi motere muona kuti palibe chodabwitsa kuti mwezi ukumatha mulibe kanthu.

Pali lamulo limodzi la msonkho limene madokotala ambiri amalizindikira mochedwa, ndipo ndi limene likuyankha funso lanu. Munthu akadutsa £100,000 pachaka, gawo lija losalipira msonkho limayamba kuchepa ndi paundi imodzi pa mapaundi awiri alionse opitirira malirewo, mpaka limatheratu pa £125,140. Zotsatira zake n'zakuti pa paundi iliyonse imene mumapeza pakati pa £100,000 ndi £125,140, boma limatenga maperesenti 60. Tsono taonani mmene zikukhudzira penshoni yanu. Mumasonkha maperesenti 12.5 a malipiro anu, zimene ndi £13,750 pachaka, ndipo ndalama zimenezi zimachotsedwa msonkho usanawerengedwe. Mukatuluka m'penshoni, £13,750 yonseyo igwera m'chigawo cha maperesenti 60 chija, ndipo chimene chidzafike ku akaunti yanu ndi £5,500 pachaka, kapena kuti pafupifupi £460 pamwezi. Ndalama zoposa £1,100 zimene mukuziona pa pepala la malipiro simudzazigwira zonse. Zoposa theka zidzapita ku msonkho.

Nanga mukutaya chiyani kuti mupeze £460 imeneyo? Popeza munayamba ntchito mu 2016, muli mu dongosolo la penshoni ya NHS la 2015, limene chaka chilichonse limakulemberani gawo limodzi mwa magawo 54 a malipiro anu kuti muzidzalandira chaka ndi chaka mpaka imfa. Pa £110,000, chaka chimodzi chokha cha ntchito chikukupatsani penshoni ya pafupifupi £2,040 pachaka kwa moyo wanu wonse mukadzapuma. Pamene mukugwirabe ntchito, ndalamayi imakwezedwa chaka chilichonse molingana ndi kukwera mitengo kwa zinthu, n'kuwonjezeraponso maperesenti 1.5. Abwana anu nawonso amasonkha maperesenti 23.7 a malipiro anu ku dongosolo limeneli, ndipo mukatuluka sadzakupatsani ndalamazo m'manja. Choncho mukatuluka kwa chaka chimodzi mupeza £5,500 kamodzi kokha, n'kutaya ndalama zoposa £2,000 zimene zikanamabwera chaka chilichonse cha ukalamba wanu. Zaka zitatu zoyambirira za kupuma kwanu zikanabweza kale ndalama yonseyo. Kumeneku n'kukazinga mbewu chifukwa cha njala ya mu Febuluwale, ndipo palibe nyumba ya lenti, kaya ku Lilongwe kaya ku London, imene ingakubwezereni phindu lotere mosakayikitsa.

Komanso penshoni imeneyi si ya ukalamba wokha. Mutamwalira muli pa ntchito komanso muli membala, banja lanu lingalandire nthawi imodzi ndalama zokwana malipiro anu a zaka ziwiri, amuna anu n'kumalandira penshoni, ana nawonso n'kumalandira gawo lawo pamene akukula. Mutadwala moti simungathenso kugwira ntchito, pali dongosolo lopuma msanga chifukwa cha matenda. Mayi amene ali ndi mwana wa zaka 2, komanso amene anthu ambiri kumudzi akudalira, sayenera kuvula chitetezo chotere chifukwa cha malata. Ena amada nkhawa kuti akadzabwerera kwawo penshoniyo idzatayika, koma sizili choncho: penshoni ya NHS imalipiridwa ngakhale munthu akukhala kunja, ndipo imapitiriza kukwera chaka ndi chaka. Yosiyana nayo ndi penshoni ya boma ya okalamba onse, imene imafuna zaka 10 zosonkha kuti mulandireko kanthu ndi zaka 35 kuti mulandire yonse. Imeneyo mukakakhala ku Malawi imaima pa mlingo umene munayambira ndipo sikwezedwanso.

Tsopano tikambe za nyumbazo, ndipo pano ndilankhula mosamala chifukwa ndikudziwa kuti nyumba ya kwathu si nkhani ya masamu okha. Munthu amafuna pofikira akapita kwawo, amafuna kuti mayi ake aone ndi maso chimene mwana wawo wachita, ndipo zimenezi n'zoyenera. Koma inu mwazitchula kuti nyumba za lenti, choncho tiziyeze ngati bizinesi. Lenti idzabwera m'makwacha, pamene ngongole zanu, sukulu ya ana anu ndi moyo wanu wa zaka makumi awiri zikubwerazi zili m'mapaundi. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi maperesenti 25, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi maperesenti 44, dola imodzi n'kuchoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700. Mwininyumba amene ankalandira K1,000,000 pamwezi anagona ali ndi madola pafupifupi 850, n'kudzuka ali ndi osakwana 600, ndipo wokhala m'nyumbayo sakanatha kuwonjezera lenti tsiku lomwelo chifukwa malipiro ake sanakwere. Onjezanipo miyezi imene nyumba imakhala yopanda munthu, kukonza zowonongeka, msonkho wa ku khonsolo ya mzinda, ndi vuto lopeza ndalama zakunja m'mabanki mukafuna kuti lentiyo ikupezeni kuno. Muyeneranso kudziwa kuti munthu wokhazikika ku Britain amayenera kuulula ku HMRC, bungwe lotolera msonkho kuno, ndalama za lenti zimene amapeza kunja.

Sindikunena kuti musiye chipupa chigwe ndi mvula. Nyumba imene yatsala kufolerayo ifoleredwe, chifukwa nyumba yosafolera imawonongeka dzinja lililonse ndipo ndalama zimene munaika kale zimapita pachabe. Yachiwiriyo iyambe yaima pamene yafika mpaka ngongole ya pa khadi itatha. Ndipo musanatumize paundi ina iliyonse, tsimikizani kuti zikalata za malowo zili m'dzina lanu, ndiponso kuti loya amene mwamusankha nokha wakafufuza ku ofesi yoona za malo kuti malowo alibe mkangano. Pa ntchito yangayi ndakumana ndi anthu ophunzira bwino amene anamanga nyumba yonse pa malo olembedwa dzina la mchimwene wawo poganiza kuti n'zapachibale, ndipo mkangano unabuka mchimweneyo atamwalira, ana ake n'kunena kuti nyumba ndi ya bambo awo. Ntchito yomangayo iziyang'aniridwa ndi munthu wodziwa za zomangamanga amene mukumulipira, amene azikutumizirani malisiti ndi kulandira ndalama gawo lililonse likatha. Kupatsa m'bale udindo wosunga ndalama za simenti pamene iye mwini alibe ya feteleza ndi kumuika m'mayesero amene amawononga chibale.

Nkhani ya thandizo la kumudzi ndi imene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa alangizi ambiri a zachuma a kuno saimvetsa ndipo amangoti musiye kutumiza. Ine sindinganene zimenezo. Munaphunzira chifukwa ena anadzimana, ndipo kuthandiza mayi anu ndi ana a abale anu ndi gawo la chifukwa chimene mumagwirira ntchito. Chimene chikukupwetekani si kukula kwa ndalamazo, koma kuti zilibe malire ndiponso zilibe tsiku. Uthenga uliwonse wa pa WhatsApp umasanduka ngozi yofuna yankho lero lomwe, ndipo popeza mulibe ndalama zosungira zadzidzidzi, yankholo limachokera pa khadi ya ngongole, imene chiwongoladzanja chake chimapitirira maperesenti 20 pachaka. Ndikukhulupirira kuti mukayang'ana bwino, gawo lalikulu la £9,000 ija linabwera motere.

Khalani pansi ndi amuna anu, mugwirizane ndalama imene banja lanu lingathe kupereka pachaka kumbali zonse ziwiri, kwanu ndi kwawo, ndipo muziika mwezi uliwonse mu akaunti yapadera. Zimene zimadziwika nthawi yake, monga chakudya ndi mankhwala a mayi, fizi ya teremu iliyonse ndi feteleza wa mu Okutobala, zilembedwe ndipo zizilipiridwa mwachindunji, fizi ku akaunti ya sukulu osati kudzera m'manja mwa anthu atatu. Gawo lina likhale la matenda ndi maliro, chifukwa zimenezi zidzabwera ndithu ngakhale sitidziwa tsiku. Kenako muwauze abale anu momveka bwino, makamaka kudzera mwa amalume kapena wamkulu wina amene mawu ake amamveka, kuti thandizo lanu ndi lotani ndipo limafika liti. Miyezi yoyamba padzakhala kudandaula, ndipo mwina mudzamva mawu opweteka akuti mwaiwala kumene munachokera. Koma ndaona kuti m'mabanja amene anachita zimenezi, azing'ono amene ali pa ntchito ku Lilongwe ndi ku Blantyre anayamba kusenzako gawo lawo, chifukwa kale ankangoti achemwali a ku Ulaya alipo.

Mwina mukuganiza kuti njira yachidule ndi kuwonjezera mashifiti. Werengani kaye. Mutachotsa penshoni, ndalama zanu zowerengera msonkho ndi £104,250, choncho pa paundi iliyonse yowonjezera mumatsala ndi mapeni 38 okha, popeza pamwamba pa maperesenti 60 aja pali maperesenti 2 a National Insurance. Kuwonjezera apo, kholo limodzi likangodutsa £100,000, banja limataya thandizo la boma lolipirira kosiya ana lotchedwa Tax-Free Childcare, limene limafika £2,000 pachaka pa mwana mmodzi, komanso maola 30 pasabata osamalira mwana wamng'ono amene boma limalipirira makolo ogwira ntchito ku England. Kwa inu amene muli ndi mwana wa zaka 2, n'kutheka kuti mashifiti a Loweruka amene akukulandani tulo ndi nthawi yokhala ndi ana akukusaukitsani m'malo mokulemeretsani. Pali njira ziwiri zololedwa ndi lamulo zotsikira pansi pa malirewo. Yoyamba ndi kuchepetsa mashifitiwo. Yachiwiri ndi kuika £4,250 imene yapitirira £100,000 ija mu penshoni yanuyanu yotchedwa SIPP, kumene inu mumaika £3,400, boma n'kuwonjezera £850, ndipo msonkho wina mumaubweza polemba fomu ya msonkho yotchedwa Self Assessment. Ngati mumapereka chakhumi ku mpingo wolembetsedwa kuno, perekani kudzera mu Gift Aid, njira imene boma limabwezera msonkho pa zopereka zotere, chifukwa zoperekazo nazonso zimatsitsa ndalama zimene amawerengera malire amenewa.

Za galimoto ndinena mwachidule: £600 pamwezi ndi £7,200 pachaka, ndalama yoposa imene mukanapeza potuluka m'penshoni. Mgwirizano wake ukatha, gulani galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito yodalirika, ndipo ndalama yotsalayo ipite ku khadi. Khadiyo muisamutsire ku ina imene siwerengera chiwongoladzanja kwa miyezi ingapo ngati banki ikulolani, muimalize m'chaka chimodzi, kenako musunge ndalama zokwanira kuyendetsa banja kwa miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi mu akaunti imene mungatapemo msanga.

Zimenezi zikatheka mpamene kumanga chuma chenicheni kumayambira, ndipo n'kosavuta kusiyana ndi mmene anthu amaganizira. Munthu wamkulu aliyense wokhala ku Britain amaloledwa kuika mpaka £20,000 pachaka mu akaunti yosungira ndalama yotchedwa ISA, ndipo phindu lonse la mmenemo silidulidwa msonkho. Mkati mwa ISA ya masheya, sankhani thumba limene limagula masheya a makampani ambirimbiri a m'mayiko osiyanasiyana ndipo limadula ndalama zochepa zoyendetsera, m'malo mosankha nokha kampani imodzi kapena ziwiri. Tiyerekeze kuti mukuika £1,000 mwezi uliwonse kwa zaka 20, ndipo thumbalo likukula ndi maperesenti 5 pachaka: mudzakhala mutaika £240,000, koma mudzapeza pafupifupi £411,000. Ichi ndi chitsanzo chabe osati lonjezo, chifukwa masheya amakwera n'kutsika, ndipo padzakhala zaka zina zimene mtengo wake udzagwa kwambiri, moti ndalama zimene mudzazifune m'zaka zisanu zikubwerazi siziyenera kupita kumeneko. Onaninso mphamvu ya ndalama zoyendetsera: ngati oyendetsa thumba akudula maperesenti 1.5 pachaka, ndalama yomweyo idzakhala pafupifupi £347,000, kutanthauza kuti £64,000 yapita kwa iwo. ISA imeneyi ndi yofunika kwambiri kwa inu pa chifukwa china. Malinga ndi lamulo la panopa, penshoni yanu ya NHS idzayamba kulipiridwa yonse mukadzakwana zaka 68, ndipo mukaitenga msanga imachepetsedwa. Ngati mtima wanu ukufuna kubwerera kwathu muli ndi zaka 58 kuti mukaphunzitse madokotala achinyamata kapena kutsegula kachipatala, ndalama za mu ISA ndi zimene zidzakusungeni pa zaka za pakatizo.

Chenjerani ndi anthu amene amasaka madokotala. Amadziwa kuti muli ndi malipiro abwino, mulibe nthawi yofufuza, ndiponso kuti munthu wozolowera kufunsidwa nzeru savomera msanga kuti nkhani ina sakuidziwa. Adzabwera ndi mapulani a nyumba zosamangidwa, ndalama za pa intaneti, kapena bizinesi imene akuti imabweza maperesenti 10 mwezi uliwonse, ndipo kawirikawiri wobweretsa nkhaniyo amakhala mnzanu wa kuntchito kapena wa kumpingo amene iyenso wakhulupirira ndi mtima wonse. Phindu likakhala lalikulu ndiponso lolonjezedwa motsimikiza, kanani. Musanapereke ndalama kwa aliyense, fufuzani dzina lake ndi la kampani yake m'kaundula wa Financial Conduct Authority (bungwe loyang'anira makampani a zachuma ku Britain), umene aliyense angathe kuuona pa intaneti.

M'kalata yanu simunatchule za wilo, ndipo ndikuopa kuti mwina mulibe. Munthu amene ali ndi katundu m'mayiko awiri ayenera kuonana ndi maloya a mbali zonse ziwiri kuti zolembedwa kuno zisasemphane ndi zolembedwa ku Malawi, kumene lamulo la 2011 la chuma cha masiye limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ngakhale kuti kulanda katundu wa masiye kukuchitikabe pamene womwalirayo sanasiye chilichonse cholembedwa. Mu wilo ya kuno mutchulenso amene adzalere ana anu ngati nonse awiri mutachoka. Dziwaninso kuti kuyambira mu Epulo 2025, munthu amene wakhala ku Britain zaka 10 mwa zaka 20 zapitazo amawerengeredwa msonkho wa chuma cha masiye pa katundu wake wa m'dziko lililonse, ndiye kuti nyumba za ku Lilongwe nazonso zidzalowa m'chiwerengerocho, ndipo inu amene munabwera mu 2016 muli pa malire amenewo. Ganiziraninso inshuwaransi yoteteza malipiro, chifukwa NHS imalipira wodwala amene wagwira ntchito zaka zoposa zisanu malipiro athunthu kwa miyezi 6, kenako theka la malipiro kwa miyezi ina 6, kenako zimatha.

Zambiri mwa zimene ndanenazi mungathe kuziyamba nokha mwezi uno, koma pali malo atatu pamene ndikupemphani kuti musayende nokha. Musanaike ndalama zochuluka mu SIPP, funsani wodziwa bwino penshoni ya NHS akuwerengereni, chifukwa pali malire a £60,000 pachaka a kukula kwa penshoni zanu zonse, ndipo kukula kwa penshoni ya NHS sikuwerengedwa potengera zimene mwasonkha koma ndi masamu ena amene amasokoneza anthu ambiri. Lenti ya ku Lilongwe ikadzayamba kubwera, pezani akauntanti wodziwa za ndalama zochokera kunja kuti musalipire msonkho kawiri kapena kuphwanya lamulo mosadziwa. Ndipo ngati mutayesa kwa miyezi isanu ndi umodzi ngongole ya pa khadi n'kumakulabe, kapena nkhani za ndalama zayamba kubweretsa mikangano m'banja ndi kukusowetsani tulo, musadikire. Bungwe la StepChange limathandiza kwaulere ndiponso mwachinsinsi, ndipo siliyang'ana kuti munthu amalandira zingati. Posankha mlangizi, funsani ngati ndi woima payekha kapena amagulitsa za kampani imodzi, akuuzeni mtengo wake m'mapaundi musanayambe, ndipo popita kukaonana naye mutenge mapepala a malipiro a miyezi itatu, P60 yanu (pepala la pachaka losonyeza malipiro ndi msonkho umene munadulidwa), chikalata chosonyeza penshoni imene mwapeza kale ku NHS, ndi ndandanda ya ndalama zonse zimene munatumiza kumudzi chaka chathachi.